MWANA AKATI APITE KUKAPHUNZIRA KUNJA

Mau amene analankhulidwa pa chikondwerero cha Chigwirizano cha Amayi mu mzinda wa Lilongwe

 Tithokoza a komiti potipatsa mpata woti tikambirane nkhani imene ikusowetsa tulo m'makomo ambiri, ngakhale kuti sitiitchula kawirikawiri pagulu. Nkhaniyi ndi ya mwana amene wabwera ndi kalata nati, "Amayi, anditenga ku sukulu ya kunja." Tsiku limenelo pakhomo pamakhala nthungululu. Koma ikatha sabata, bambo ndi mayi amakhala pansi usiku ana atagona, nayamba kufunsana kuti ndalama zake zichokera kuti. Ife lero tikufuna tithandizane kuyankha funso limeneli kalata isanafike, chifukwa walira mvula walira matope.

Kukaphunzira kunja si chinthu chachilendo kwa ife Amalawi. Dr. Hastings Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu ali mnyamata, nagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Johannesburg asanaoloke nyanja kupita ku America mu 1925, ndipo anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958, nayenda mpaka ku Khartoum, kufikira atalandiridwa ku Skagit Valley College ku America. M'masiku athu ano William Kamkwamba, wa ku Wimbe ku Kasungu komweko, anatsiriza ku Dartmouth College mu 2014. Nkhani zawo timazikonda, ndipo n'zoyenera kuzifotokozera ana athu. Koma tikaziona bwino, tipeza kuti aliyense wa iwo anali ndi anthu kapena mabungwe amene anamulipirira. Palibe anaphunzira ndi kulimba mtima kokha. Ndiponso masiku ano mwana sangaloledwe kulowa m'dziko la eni ngati sanaonetse pa pepala kuti ndalama zomusunga zilipo.

CHOYAMBA: KODI SUKULUYO NDI YOONA, NDIPO MWANAYO AKUYENERA?

Tisanawerenge ndalama, tiyambe tafunsa za sukulu. Kuno kwathu kuli bungwe la boma la National Council for Higher Education, limene likulu lake lili mu Lilongwe muno. Bungwe limeneli ndilo limaunika mapepala a maphunziro amene munthu wabwera nawo kuchokera kunja. Tsono nzeru ndi kupita kukafunsa mwana asananyamuke, osati atabwera ndi digiri imene olemba ntchito sakuizindikira. Ngati mwana akufuna udokotala kapena unamwino, tifunsenso ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council, pakuti akadzabwera adzayenera kulembetsa kumeneko asanagwire wodwala. Safunsa anadya phula.

Tidziwenso kuti satifiketi ya MSCE payokha siikwanira kulowera m'mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku South Africa. Iwo amafuna mayeso a pamwamba pake, monga A Level imene amalemba ku Kamuzu Academy, kapena International Baccalaureate imene amalemba ku Bishop Mackenzie ku Area 3 kuno. Mwana amene ali ndi MSCE yokha nthawi zambiri amauzidwa kuti ayambe wachita chaka chokonzekera, ndipo chaka chimenecho chili ndi fizi yakeyake. Motero maphunziro amene timaganiza kuti ndi a zaka zitatu amasanduka a zaka zinayi.

Pamenepa tinenepo mau amene ena sangawakonde. Thandizo lalikulu la maphunziro limene maiko akunja amapereka, monga Chevening ya ku Britain, Beit Trust, ndi Rhodes ya ku Oxford, ndi la anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. A Chevening amafunanso kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Choncho mwana amene watenga digiri yoyamba ku LUANAR, ku KUHeS, ku MUBAS, ku Mzuzu kapena ku Zomba, nakhoza bwino, ali pa njira yabwino yopitira kunja popanda makolo kugulitsa kanthu. Kuyamba kuno si kulephera ai. Kuthamanga si kufika.

CHACHIWIRI: TIWERENGE MTENGO WONSE, OSATI FIZI YOKHA

Tikuti mayi aliyense amene mwana wake ali ndi maganizo amenewa agule kope limodzi, naligawe patatu.

Gawo loyamba likhale la ndalama zotuluka mwana asanakwere ndege. M'menemo mulowe pasipoti, ndalama yofunsira malo ku sukulu, mayeso a Chingerezi onga IELTS amene zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, kutsimikiza mapepala kwa a zamalamulo, kalata ya ku polisi, kupimidwa ku chipatala, viza, ndi tikiti. Opita ku Britain kuchokera ku Malawi kuno amayeneranso kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chimene a Britain anavomereza. Ndalama zambiri za m'gawo limeneli sizibwezedwa ngakhale viza ikanidwe. Za pasipoti tisachedwe nazo. Tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo m'dziko lonse. Sukulu ya kunja siidikira mwana chifukwa chakuti kwawo makina aima.

Gawo lachiwiri likhale la ndalama za chaka ndi chaka: fizi, lendi, chakudya, magetsi, mabuku, kompyuta, mayendedwe, lamya ndi inshuwaransi ya chipatala. Pano ndi pamene ambiri timapunthwa, chifukwa timayang'ana fizi yokha. Tipereke chitsanzo. Mu Januwale 2025 boma la Britain linalamula kuti wophunzira wochokera kunja aonetse ndalama zodzisungira zokwana mapaundi 1,136 pa mwezi ngati sukulu yake ili kunja kwa London, ndi mapaundi 1,483 ngati ili mu London, kwa miyezi 9. Kunja kwa London zimenezi zinali mapaundi 10,224, kuwonjezera pa fizi ya chaka chonse. Ndalamazo ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikapo. Kuyambira mu Febuluwale 2024 wophunzira amalipiranso mapaundi 776 pa chaka chilichonse cha viza yake kuti athe kulandira chithandizo cha chipatala, ndipo amalipira zonse pamodzi pofunsira viza. Ziwerengero zotere zimakwera kawirikawiri, choncho tiziona zatsopano chaka chimene mwana akupita.

Gawo lachitatu likhale la tsoka, pakuti tsoka silinunkha. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, ndege zinaleka kuuluka ndipo ana ambiri anatsekeredwa m'maiko a eni sukulu zitatsekedwa. Mu Febuluwale 2022 nkhondo itabuka ku Ukraine, ophunzira a ku Africa anathawa wapansi kulowera ku malire a Poland. Ndiponso kuno kumudzi kumagwa maliro. Tsono pakhale ndalama ya tikiti yobwerera ndi ya miyezi iwiri kapena itatu ya chakudya ndi lendi, imene siikhudzidwa ngakhale pakhomo pavute bwanji.

Tikatha kulemba magawo atatuwa, tiwerenge za zaka zonse za maphunziro, osati chaka choyamba chokha. Chisoni chachikulu ndi cha mwana amene wabwerera m'chaka chachitatu wopanda pepala, chuma cha banja chitapita.

CHACHITATU: KWACHA SIIMA MALO AMODZI

Amayi achikulire pano mukukumbukira kuti pamene kwacha inayamba mu 1971, makwacha awiri anali paundi imodzi. Lero zimenezo ndi nthano. Mu Meyi 2012 kwacha inagwa, mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 pa dola imodzi. Tiyeni tione tanthauzo lake pakhomo. Banja limene limafuna madola 5,000 a fizi likanapereka K5,900,000 dzulo lake. M'mawa mwake linafunika K8,500,000. Ndiye kuti K2,600,000 inaonjezeka usiku umodzi, sukulu isanakweze ngakhale tambala, malipiro a bambo ali omwe aja.

Chifukwa chake tikuti bajeti ya mwana wa kunja ilembedwe m'ndalama ya dziko limene akupitalo, kaya ndi randi, dola, paundi kapena rupee, ndipo pambali pake tiikepo malo a kugwa kwa kwacha. Ngati bajetiyo ikungokwanira ndendende pa mtengo wa lero, ndiye kuti siikwanira.

Palinso vuto lina. Kukhala ndi makwacha mu akaunti si kukhala ndi madola. M'zaka zapitazi ndalama zakunja zakhala zosowa m'mabanki, ndipo pempho lotumiza fizi likhoza kudikira nthawi. Motero kalata ya fizi ikangofika, tipite nayo ku banki msanga pamodzi ndi kalata yolandirira mwana ndi pasipoti yake, miyezi ingapo tsiku lomaliza lisanakwane. Ngati sukulu ilola kulipira pang'onopang'ono, tipemphe zimenezo polemba kalata. Amene ali ndi mbale wogwira ntchito kunja akambirane naye poyera, kuti mwina iye alipire komweko ndipo ife timuthandize pa zofuna zake kuno. Koma tichenjere ndi osintha ndalama a m'misewu ya ku Old Town. Mtengo wawo ndi wokwera, lamulo siliwalola, ena amapereka ndalama zachinyengo, ndipo sapereka lisiti imene ofesi ya kazembe ingailandire.

CHACHINAYI: NDALAMAZO ZICHOKERA KUTI?

Ngongole za boma za Higher Education Students' Loans and Grants Board zinakonzedwera ophunzira a m'makoleji a m'dziko muno, choncho tisaziwerengere pa ulendo wa kunja. Zotsala ndi zitatu: thandizo la maphunziro, thumba la banja, ndi ngongole.

Pa thandizo la maphunziro, pali lina limene limafikira ndi ofuna digiri yoyamba, monga la Mastercard Foundation m'mayunivesite angapo a mu Africa muno, ndi la maboma a China, India ndi Japan. Ofesi za akazembe a maiko amenewa zili mu mzinda wathu uno, ndipo zimalengeza poyera nthawi yofunsira. Koma tiwerenge bwino kalata yake. Thandizo lina ndi la fizi yokha, lina ndi la theka la fizi, lina silipereka tikiti. Mau akuti "wapeza sikolashipu" asatigonetse tulo tisanadziwe chimene chatsalira ife.

Pa thumba la banja, ife amayi tili ndi luso kale. Timadziwa chipereganyu, timadziwa banki m'khonde, timadziwa kusunga pang'onopang'ono mpaka mtolo. Luso lomwelo ligwire ntchito pano, koma liyambe mwana ali Fomu 1, osati atalemba mayeso. Popeza kwacha imagwa, ena amasunga chuma chawo m'zinthu zimene mtengo wake umakwera, monga puloti, ziweto kapena nyumba ya lendi. Ndipo ngati achibale alonjeza kuthandiza, aliyense anene kuchuluka kwake ndi mwezi wake, zilembedwe m'kope muja. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma lonjezo la pa chikondwerero si ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa ngongole ndi pamene tikufuna tilankhule motsindika. Katapila asalowe m'nkhani imeneyi ngakhale pang'ono. Ndipo nyumba imene banja likugonamo, kaya ili ku Area 10, ku Area 43, ku Area 47 kapena ku Falls, isaperekedwe chikole chifukwa cha mwana mmodzi popanda banja lonse kukhala pansi. Nyumba imeneyo ndi ya ana onse, ndiponso ndi pogona pa mayi bambo akadzatsogola. Chimodzimodzi ndalama ya penshoni. Tifunse mosabisa: tikatumiza uyu, azing'ono ake atsala ndi chiyani? Mabanja ena adana mpaka kumanda chifukwa cha funso limeneli, limene silinafunsidwe pa nthawi yake.

CHACHISANU: KUNJA SI KU ULAYA KOKHA

Mu 1997 maiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro mu mzinda wa Blantyre, ndipo anagwirizana kuti ophunzira ochokera m'maiko a m'chigawo chino azitengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi. N'chifukwa chake m'mayunivesite ambiri a boma ku South Africa mwana wa ku Malawi amalipira fizi yofanana ndi ya ana a komweko, kuonjezapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Viza ya kumeneko imafuna inshuwaransi ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko, ndipo sukulu zimatsegulira mu Febuluwale. Mwana akhoza kupita pa basi kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pakagwa zovuta mayi akhoza kumufikira. Ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Kenya kulinso mayunivesite odziwika.

Za ku America, malamulo asintha kwambiri. Mu Ogasiti 2025 boma la kumeneko linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yokacheza kapena ya malonda, ndipo mu Disembala 2025 linaika Malawi pa mndandanda wa maiko amene anthu ake anaimitsidwa kulandira mitundu ina ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira. Tsono munthu asalipire kanthu ku sukulu ya kumeneko asanafunse ku ofesi ya kazembe ku City Centre za m'mene lamulo liliri pa tsikulo.

CHACHISANU NDI CHIMODZI: AKAMBEREMBERE

Kumene kuli makolo ofunitsitsa, akamberembere sasowa. Amabwera pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi zithunzi za nyumba zokongola, nati malo alipo koma atsala awiri, tumizani ndalama lero pa lamya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thandizo loona la maphunziro siligulitsidwa, ndipo fizi imalipiridwa ku akaunti ya sukulu, osati ya munthu.

Kwa ana athu aakazi ngozi yake ndi yoposa kutaya ndalama. Mu 2024 atolankhani a BBC anaulula za amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito yabwino ku Oman, koma atafika analandidwa mapasipoti nagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Chaka chomwecho a Associated Press analemba za atsikana a m'maiko angapo a mu Africa amene anaitanidwa ku Alabuga, ku Russia, pa lonjezo la maphunziro ndi ntchito, koma anakapezeka akupanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Choncho mwana asanyamuke tisanadziwe dzina la sukulu, keyala ya kumene adzagone, ndi ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili pafupi naye. Pasipoti yake asapatse munthu wina aliyense kuti amusungire, ndipo ife kuno titsale ndi chithunzi cha tsamba lililonse la mapepala ake.

CHACHISANU NDI CHIWIRI: KUMUKONZA MWANAYO

Ndalama zikhoza kukwana, koma ngati mwana sadziwa kuzigwira zidzatha mwezi usanafike pakati. Ambiri mwa ana athu a m'ma Area akulira m'nyumba za antchito. Sanaphikepo ndiwo, sanachapepo bulangeti, sanagulepo magetsi. Kunja kulibe wantchito, ndipo chakudya chogula chophikaphika chimadya ndalama msanga. Tsono chaka chonse asanapite, mwanayo, wamwamuna kapena wamkazi, alowe kukhitchini. Timpatse ndalama ya ndiwo ya mwezi wathunthu, apite yekha ku msika waukulu wa ku Old Town, alembe chilichonse wagula, ndipo ikamuthera pa 20 aone yekha chochita. Kuli bwino aphunzirire pano, pamene mphika wa mayi uli pafupi.

Akafika uko, lendi ikhale yoyamba kulipira, kenaka chakudya ndi mayendedwe, zotsala pambuyo. Chaka choyamba ndi bwino agone m'nyumba za sukulu. Majekete ndi majuzi ochindikala tikhoza kumusankhira pa kaunjika wa kwa Tsoka pa mtengo wochepa, pokumbukira kuti ku Johannesburg kumazizira mu Juni ndi Julayi, pamene ku Ulaya chisanu chimafika mu Disembala.

Ana ambiri amati, "Musadandaule, ndikakafika ndizikagwira ganyu." Ku Britain ndi ku South Africa lamulo limalola wophunzira kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili m'kati, ndipo wopyola pamenepo akhoza kulandidwa viza. Maola amenewo angagule chakudya, koma sangalipire fizi. Ndiponso ganyu wina ndi msampha. Tinamva za mnyamata wa ku Zambia amene ankaphunzira ku Moscow, namagwira ganyu yonyamula katundu wa anthu. Anamangidwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo mu 2022 anafera ku nkhondo ya ku Ukraine atatengedwa kuchokera kundende. Mwana wathu asanyamule phukusi la munthu wina, kaya pa bwalo la ndege la Kamuzu, kaya kunja.

Ifenso makolo tili ndi mbali yathu. Mwana wa sukulu si munthu wa ku Joni wotumiza ndalama kumudzi. Tisamutumizire mndandanda wa mafoni ndi nsapato za achibale. Ndipo timuuze mobwerezabwereza kuti zikamuvuta, kaya walephera mayeso, kaya ndalama zamuthera, kaya wadwala, kaya wasungulumwa, anene msanga. Ana ena amabisa mavuto chaka chathunthu poopa kuchititsa manyazi makolo amene anawaperekeza ndi nyimbo ku Lumbadzi. Tisankhe tsiku limodzi pa sabata lolankhulana naye, ndipo tsiku limodzi pa mwezi loonera limodzi m'mene ndalama zayendera.

POMALIZA

Amayi anzathu, pempho lathu kwa inu ndi ili. Pakati pathu pano pali aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki ndi ku Capital Hill, ndi amayi amene ana awo anapita kale nabwerako. Tikupempha kuti nthambi iliyonse isankhe amayi atatu kapena anayi oti banja lililonse lolandira kalata yotere lizitha kuwaonetsa mwachinsinsi lisanalipire kanthu. Iwo athandize kuwerenga kalatayo, kufufuza sukuluyo ndi kuonkhetsa ziwerengero za m'kope. Tikumbukirenso mwana wa mayi wamasiye wa ku Kawale kapena ku Mchesi amene wakhoza bwino koma alibe womuuza kumene mafomu a thandizo amapezeka, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Ndipo ngati kope lija litaonetsa kuti chaka chino sizitheka, tisachite manyazi kumuuza mwana zoona. Ayambe kuno, akhoze bwino, khomo lija lidzatseguka pa digiri yachiwiri. Ngati litaonetsa kuti zitheka, timuperekeze ndi mtima wokhazikika, podziwa kuti ndalama ya chaka chomaliza tinaiwerengera kale pamodzi ndi ya chaka choyamba.